Ba Angelina ndi Mapaketi a Masoya

Ku Mtendere, komboni ina ya mu Lusaka, munthu aliyense amene anakwatitsapo mwana wamkazi amawadziwa ba Angelina Njobvu. Amakhala kuseri kwa msika, m'nyumba ya mabuloko yopanda pulasitala, moyang'anana ndi ngalande ija akuluakulu analonjeza kuikonza mtengo wa mango wa pakhomopo usanayambe n'kubala komwe. Mangowo ana akudya chaka ndi chaka. Ngalande ili chikhalire.

Ndi mayi wamfupi, wa mikono yolimba, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu ngakhale akunong'ona. Anabadwira ku Chadiza, kum'mawa kwa dziko, ndipo ku Lusaka anabwera akadali mtsikana, atakhala pamwamba pa matumba a mtedza m'lole, kutsatira amuna awo ba Fackson amene ankagwira ntchito pafakitale ina yosoka zovala. Zaka zoyambazo zinali zokoma. Mwezi ukatha ba Fackson ankabwera ndi nyama yokulunga m'nyuzipepala, n'kudutsa nayo dala pakati pa msika kuti anthu aone. Kenako fakitale inagulitsidwa kwa anthu ovala masuti, amene anangobwera kudzamasula makina n'kupita nawo. Palibe mmodzi mwa iwo amene anagonapo ndi njala, ndipo palibe amene anapepesa.

M'zaka zotsatirazo ndi mmene masoya analowa m'nyumba ya a Njobvu. Ndi tizidutswa touma tija ta m'mapaketi, topepuka ngati makoko, timene tikaviikidwa m'madzi timafufuma n'kumayerekeza nyama. Ba Angelina ankawawiritsa ndi mchere ndi theka la tomato, chifukwa mafuta ophikira ankagulidwa pakasupuni. Ba Fackson, munthu wanthabwala mpaka tsiku lawo lomaliza, ankatola kachidutswa n'kukayang'ana uku ndi uku.

"Amake Rodgers, mbuzi iyi inali yaulemu. Yatisiyira mafupa kumunda."

Ba Fackson atamwalira, anthu a pamaliro anadya kabichi ndi masoya. Ba Angelina ali chigonere pamphasa anamva mayi wina panja akuuza mnzake kuti, "Maliro a masoya aya, tiyeni tikadye kunyumba." Mayiyo akadali moyo, amagulitsa makala, ndipo ba Angelina sanagulepo makala ake. Tsiku limenelo analumbira kuti mphika wawo sudzaonanso masoya, ndipo mlendo wawo sadzawalawa.

Umasiye unawaphunzitsa ntchito. Anayamba kuphikira anthu pamaliro ndi pamaukwati, mpaka dzina lawo linakhazikika pa chilanga mulilo. Mwambowu ndi wa Abemba, koma Lusaka anautenga wonse monga amatengera chilichonse chimene chili ndi ng'oma ndi chakudya. Ukwati usanachitike, akuchikazi amaphika ndiwo zonse zimene mwana wawo anakulira, n'kuzisenza pamutu kupita kumene kuli mkamwini. Kumeneko mayi wamkulu amasambitsa mnyamatayo m'manja, kumuonetsa mphika uliwonse, n'kumudyetsa. Akadya, ndiye kuti walandira banjalo, ndipo kuyambira pamenepo angathe kudya kwa apongozi ake. Mphika waukulu, wotsegulidwa pomalizira, umakhala wa nkhuku. Ba Angelina ankanyadira chinthu chimodzi, ndipo ankachinena mosabisa: mphika waukulu wophikidwa ndi iwo sunabwererepo ndi kanthu m'kati.

Chaka chija magetsi ankangobwera kudzapereka moni, inafika nthawi ya Belinda. Belinda ndi mwana wa malemu mlongo wawo, ndipo anamulera kuyambira asanamere mano. Anakula, anaphunzira unamwino, napeza mnyamata wa ku Monze dzina lake Nchimunya, mphunzitsi wa masamu. Zonse zinayenda bwino mpaka tsiku limene Belinda anakhala pansi pafupi ndi azakhali akewo, akusisita mphasa ndi chala.

"Anti, kuli kanthu kamozi. Ba Nchimunya sibadya nyama."

"Ya nkhumba? Ba Sabata tibaziba. Tizaphika ya mbuzi."

"Iliyonse, anti. Olo nkhuku. Olo kapenta. Kunyumba kwao kuchokela pali ba ambuye bao sibagwilako."

"Ni odwala?"

"Awe, ni bamoyo. Banenepa kuchila ba Rodgers."

Ba Angelina anayamba kuwerengera ndiwo m'mutu. Za masamba sanade nazo nkhawa. Chibwabwa chotendera, kalembula, bowa wouma, impwa, nyemba, chikanda, zonsezo angaziphike atatseka maso. Koma mphika waukulu? Mkamwini sangadyetsedwe chibwabwa pamalo a nkhuku, anthu a ku Monze angapite akunena kuti mwana wawo wakwatira kwa akalulu. Komanso Belinda anali atamva kale kuti amake a mnyamatayo, amene kwawo amawatchula kuti bina Nchimunya, ankakayikira ngati mtsikana wa m'tauni angadyetse mwana wawo popanda kumudetsa pakamwa. Nchimunya akapanda kudya za mumphika waukuluwo, mayiwo akanapeza pogwira, ndipo Belinda akanalowa m'banja limenelo ali wozengedwa mlandu, ngati n'kulowa komwe.

Nzeru inachokera kwa Rodgers, mwana wawo woyamba, woyendetsa takisi, amene amakhulupirira kuti chilichonse chogulitsidwa pansi pa nyali zowala n'chabwino kuposa cha pamsika. Lachinayi anawatenga mayi ake kupita kusitolo yaikulu ya ku Kabulonga, kumene mlonda amayang'ana mapazi a munthu asanamuyang'ane kumaso. Kumeneko, m'mafiliji aatali ngati mabokosi a maliro, munali makatoni okongola a masoseji opanda nyama ndi nkhuku yopanda nkhuku. Pakatoni iliyonse panali chithunzi cha tsamba lobiriwira. Katoni imodzi, yosakwana kukhutitsa anthu awiri, mtengo wake unali wogula tambala wamoyo n'kutsalako ya minibasi. Pali anthu amene amakhala pansi n'kuganiza zogulitsa nyemba pamtengo wa tambala, ndipo usiku amagona tulo tabwinobwino.

Koma ba Angelina anakopeka. Izi sizinali masoya a umphawi aja. Izi zinali za azungu, zozizira, zolemera m'manja. Anagula zodzaza mphika.

Pofika kunyumba magetsi kunalibe, monga mwa masiku onse. Ndiponso nyumba inali itayamba kudzaza ndi amayi odzathandiza kusinja mtedza ndi kusankha nyemba, ndipo ba Angelina amadziwa bwino kuti mayi wothandiza kuphika amabwera ndi chikwama chopanda kanthu n'kubwerera chikulemera. Chinthu chodula sachisiya pakhitchini. Anakoka sutikesi yawo yachitsulo ya pansi pa bedi, mmene amasungamo zitenje zatsopano, naikamo makatoni onse, n'kukhoma loko.

"Mami, ba mu sitolo benze bakamba ati viyenela kunkhala mu filiji," anatero Rodgers ali pakhomo la chipinda.

"Filiji iti? Iyi yamene tisungilamo mambale? Iwe, ivi ni nyemba chabe. Unamvelako kuti nyemba zaola mu sutikesi?"

Rodgers anaganiza pang'ono, naona kuti mayi ake akunena zoona. Malemba ang'onoang'ono a kuseri kwa katoni sanawawerenge. Ana a masiku ano anapita kusukulu kukaphunzira kuwerenga mafoni.

Unali mwezi wa Okutobala, denga la malata, chipinda cha windo limodzi. Ndipo chifukwa Loweruka ndi Sabata la akuchimuna, mwambo unaikidwa Lamlungu.

Lamlungu m'mawa, miphika ya masamba ili kale pamoto kubwalo, Belinda analowa m'chipinda kukatenga chitenje, natuluka atagwira mphuno.

"Anti, muli khoswe wakufa umu."

Anasuntha bedi, anayang'ana kuseri kwa kabati, khoswe osaoneka. Ba Angelina atatsegula sutikesi, onse awiri anabwerera m'mbuyo. Makatoni anali atanyowa n'kuphwanyika. Mapulasitiki a m'kati anali atatupa ngati masaya a woimba lipenga, ndipo masoseji aja anali atasanduka mtundu umene ulibe dzina. Madzi ake anali atalowerera m'zitenje. Ba Angelina anakulunga zonse m'thumba, nadutsa nazo kuseri, n'kukaziponya m'chimbudzi chokumba. Galu wa oyandikana nawo, amene amadya ngakhale sopo, anawatsatira pang'ono, nanunkhiza, n'kubwerera.

Zobwerera ku Kabulonga panalibe. Chikwama chinali chitapuma, ndipo lole yonyamula amayi ndi ang'oma inali kubwera masana. Belinda anakhala pabedi misozi ili chuchuchu.

"Bamake ba Nchimunya bazakamba ati banaziba kudala," anatero. Kenako, motsitsa mawu ngati akutukwana m'tchalitchi, anati, "Anti, nanga masoya?"

Ba Angelina anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Anamuona ali wakhanda pamsana pawo, anamuona atavala yunifolomu yoyera tsiku lomaliza maphunziro. Anamanga chitenje mwamphamvu, natenga dengu ndi nsalu yovundikira, n'kutulukira khomo la kuseri.

Ba Enos ali ndi kantemba, kasitolo ka matabwa, pakona ya njira yopita kumpopi. Ndi munthu amene akabwereka wilibala ya mnzake imasanduka yake, koma zimenezo n'zina. Mapaketi a masoya amawapachika pachingwe pamwamba pa windo, ndipo amakhala pamenepo padzuwa miyezi osasintha nkhope.

"Nipatseni aya yonse," anatero ba Angelina osayang'ana kumwamba.

Ba Enos anatulutsa mutu pawindo. "Masoya? Imwe ba Angelina? Lelo mvula izagwa na matalala."

"Ni ya galu."

"Kansi galu wanu naye ali na chilanga mulilo lelo?"

"Ba Enos, mukakamba kuli munthu, nizauza bakazi banu kwamene munapeleka wilibala."

Ba Enos anadula chingwe mwakachetechete, nathandiza n'kuvundikira komwe.

Ba Angelina anatenga mbaula imodzi n'kukadzitsekera nayo kakhonde ka kuseri, kumene amayi a kubwalo sakanawaona. Anaviika masoya m'madzi otentha a mchere, nawafinya, nawatsukanso, nawafinyanso mpaka fungo lija la thumba litatha. Anawayanika palichero. Kenako anaika waya pamakala n'kuwawamba pang'ono kuti alowe utsi, asanawakazinge m'mafuta ambiri mpaka m'mbali mwake mutada. Anathira anyezi, adyo, tomato wakupsa kwambiri, tsabola, ndi kamtedza kokazinga kosinja kuti msuzi ugwirane. Atalawa, anaima ndi supuni m'kamwa. Zaka zonse zija anali asanawaphikepo masoya ndi mafuta okwanira. Ankawaphika ndi madzi ndi mkwiyo. Anaganiza za ba Fackson ndi mbuzi yawo yaulemu, naseka okha, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Utsi wa makala umachita zimenezo.

Panatsala mapaketi opanda kanthu, mulu wonse, ofiira ndi achikasu. Kudzala sakanawataya, chifukwa m'komboni dzala ndi nyuzipepala: anthu amawerengamo zimene mnzawo wadya. Kuwatentha, utsi wa pulasitiki ukanaitana mafunso. Ndiye anawapinda onse pamodzi, nawazunguliza, nawakulunga ndi kansalu, n'kupanga nkhata yosenzera mphika. Mayi wina atasuzumira n'kufunsa chimene chikununkhira choncho, ba Angelina anayankha mosaphethira, "Ni vija va ku Kabulonga."

Masana lole inawatsitsa ku Kalingalinga, kumene akuchimuna anasonkhana kunyumba ya malume a mnyamatayo. Belinda, monga mwa mwambo, anatsala kunyumba. Amayi anandanda, miphika yokulungidwa m'zitenje ili pamutu, ng'oma zikulira, ana a m'njira akuthamangira. Ba Angelina anali patsogolo ndi mphika waukulu, akuvina ndi mapewa okha, ndipo nkhata ija inkalira pang'onopang'ono pamutu pawo, koma ng'oma zinaibisa.

M'nyumba anagwada, namasula mfundo za zitenje ndi mano monga zimachitikira. Nchimunya anakhala pampando atavala malaya oyera, thukuta lili kamukamu. Kumanja kwake kunali amake, mayi wamtali, woonda, wa duku loyera, amene sanamwetulire ngakhale ng'oma zitafika pokoma. Kumanzere kunali ba Kalumba, nkhoswe ya ukwatiwo, Mbemba wa mimba yake, amene tsiku lonse ankadandaula kuti anavomera unkhoswe asanadziwe kuti kulibe nkhuku.

Ba Angelina anamusambitsa mkamwini m'manja, namuonetsa ndiwo imodzi ndi imodzi. Bina Nchimunya ankasuzumira mumphika uliwonse n'kugwedeza mutu pang'ono. Kenako chivundikiro cha mphika waukulu chinachoka, fungo linadzaza nyumba, ndipo anthu a pakhonde anayamba kukankhana pawindo.

Ba Kalumba sanadikire. Anatola chidutswa, natafuna, natseka maso.

"Lesa wandi, Mulungu wanga! Iyi ni mbuzi! Ba Angelina, mwanipulumutsa!" Anatolanso china. "Olo kapena ni mbeba? Imwe bakum'mawa simudalilika, mungatidyetse mbeba na michila yake."

"Mbeba ni ya bantu, ba Kalumba. Imwe tikanakuphikilani kolwe," anayankha ba Angelina, kutanthauza nyani, chifukwa Mbemba ndi wakum'mawa akakumana, kunyozana ndiye moni wawo.

Anthu anaseka, koma bina Nchimunya sanaseke. Dzanja la ba Angelina linali litanyamuka kale ndi chidutswa kulunjika pakamwa pa mkamwini pamene mayiwo anagwira mwana wawo paphewa n'kumubweza m'mbuyo.

"Usadye."

Ng'oma zinaleka.

"Bamayo, si nyama iyi," anatero ba Angelina. "Ni vija va mu sitolo ya ku Kabulonga, vopanga na nyemba."

"Vija niviziba," anayankha bina Nchimunya pang'onopang'ono, m'Chinyanja chawo cholemera. "Mwana wanga mukazi ananigulilako. Sivioneka so, sivinunkhila so. Aba bakudya nyama bakamba ati ni mbuzi. Ngati ni va mu sitolo, tionetseni katoni."

Makatoni anali pansi pa chimbudzi ku Mtendere. Ba Kalumba, ataona moto umene ayatsa, anayesa kubweza mawu, koma m'kamwa munali modzaza ndipo palibe anawamva. Nchimunya ankayang'ana amake, n'kuyang'ana mphika, n'kumeza malovu. Kumbuyo kunali amayi a ku Mtendere, amene onse analimva lumbiro lija kambirimbiri, pampopi, kutchalitchi, pamaliro a anthu ena. Ba Angelina anali chigwadire, chidutswa chili m'manja, msuzi ukutsikira kuchigongono. Anaganiza za mphika ukubwerera wodzaza, ndi Belinda ataima pageti kuuyang'ana ukutsika m'lole.

Anabweza chidutswacho mumphika. Anatembenuka, natola nkhata yawo, namasula kansalu. Mapaketi anatumphuka n'kumwazika pasimenti, ofiira ndi achikasu, akulira chekechekeche.

"Ni masoya," anatero mokweza, kuti ndi a pawindo omwe amve. "Ya pa kantemba ka ba Enos. Va ku Kabulonga vinaola mu sutikesi."

Kumbuyo mayi wina anaphulika ndi phwete, mnzake namutsatira, mpaka woimba ng'oma anagona pang'oma yake. Bina Nchimunya anawerama, natola paketi imodzi, naitembenuza, nainunkhiza. Anatola chidutswa mumphika, nachinyema pakati, nachiyang'anitsitsa, n'kuchiika m'kamwa. Anatafuna nthawi yaitali.

"Maawe!" anatero. "Aya yamene tidya Sabata iliyonse? Nanga yanga yachokela bwanji monga siponji ya matilesi?"

Anachotsa dzanja paphewa la mwana wawo. Nchimunya anatsegula pakamwa asanauzidwe, ndipo atameza anatsegulanso, zimene mkamwini waulemu sayenera kuchita. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ba Kalumba anakhala akupukusa mutu, akunena kuti pa moyo wawo wonse sananamizidwepo ndi nyemba, koma dzanja lawo silinachoke mumphika mpaka bina Nchimunya analimenya ndi supuni. Pomalizira mayiwo anawakokera ba Angelina pambali kuti awafotokozere za kuwamba pamakala kuja, ndipo anawatchula kuti apongozi.

Dzuwa likupendeka lole inaima pangalande ija ya ku Mtendere, chifukwa galimoto siingaoloke. Belinda anali pageti, manja ali pachifuwa. Ba Angelina anatsika pomalizira. Anangonyamula mphika waukulu m'mwamba, nauzondotsa, naugogoda pansi pake ndi chikhatho. Simunagwe ngakhale kanyezi. Belinda analumpha ngalande imene sanailumphepo chibadwire.

Masiku ano amayi amene ana awo akukwatiwa ndi anyamata osadya nyama amabwera kwa ba Angelina kuchokera ku Chawama ndi ku Matero, kudzafunsa ngati zinthu za m'mapaketizi n'zoyenera kugula. Iwo amayankha akusankha nyemba, osadzutsa mutu. Zouma zija gulani, amatero, sizifuna magetsi, koma musaziphike ngati mukuzilanga, zimafuna mafuta ndi utsi. Zozizira za m'makatoni, gulani ngati muli ndi magetsi anuanu ndi ndalama zimene zikukuyabwani. Mapaketi awo tsopano amataya kudzala masanasana, aliyense awerenge. Ba Enos amawapatsa moni wofunsa za galu, iwo n'kufunsa za wilibala. Sutikesi ija anaitsuka ndi phulusa, ndi sopo, ndi mandimu, koma fungo linakana. Ili kuseri kwa nyumba, ndipo nkhuku ya Belinda imaikiramo mazira.